Wayilesi pa Tsindwi la Faines

Faines anali asanauonepo mpira wa ligi ndi maso, koma mukanamufunsa za bwalo la ku Lilongwe akanakufotokozerani ngati mchombo wake unagwera pomwepo. Iye ankaliona ngati dambo lalikulu la kapinga wosauma, lopanda chulu ngakhale chimodzi, magolo ake ataima ngati mitengo ya chigafa cha fodya. Ochemerera sankawaona nkhope ayi, ankangowamva, waa, ngati mvula ikamatsika ku mapiri a Ntchisi ikumenya masamba a chimanga. Ndiye pakati pa zonsezo pamadutsa Reinford wake wowonda uja, akuthamanga ngati sakuponda pansi.

Reinford ameneyu anali mnyamata wa ku Chezi. Anthu a timu ya Mbawala ya ku Lilongwe anamupeza akusewera wopanda nsapato pa bwalo la parishi, basi n'kumutenga kuti azikasewera kutsogolo. Anatomera Faines chaka chija anthu anavotera zipani zambiri, ndipo chikole chake sichinali mpango kapena ndolo ngati anzake, chinali kawayilesi kakuda.

"Ukandisowa uzingotsegula apa," anatero.

Kungoti mudzi wa Faines uli m'chigwa, phiri uku phiri uku, moti ukatsegula wayilesi pakhonde imangolira ngati mtedza uli m'chiwaya. Kuti imveke, mpaka ukwere pathanthwe la kumtunda kwa mudzi. Ndiye sabata yonse Faines ankayanika mabatire padzuwa, pathandala la mbale, kuti abwerere mphamvu. Likafika Loweruka masana ankanyamula wayilesi ija m'chitenje ngati khanda, ulendo wa kuthanthwe, amuna a m'mudzi ali pambuyo ngati anapiye.

Patsogolo pa amuna onsewo pankakhala a Filipo, atsibweni ake a Faines, eni mbumba, omwenso anali nkhoswe yake. Wayilesi yawo inafa kalekale, adzukulu ankasungiramo mtedza. A Filipo ali mnyamata anagwirako ntchito ya fodya ku Limbe, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi chikondi cha timu ya Njati ya komweko. Njati ikagoletsa ankaponya chipewa m'mwamba. Reinford akagoletsa ankayang'ana kumbali n'kumati, "Goloboyi wake anali ndi malungo ameneyo."

Tsono nkhani yagona pa nyumba. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi. Amamupatsa malo, amange nyumba, anthu aone ngati manja ake amagwira. M'nyengo yozizira, ligi itapumira, Reinford anabwera n'kudinda zipupa kumtunda kwenikweni kwa mudzi. Anakweza mapaso, anamanga mbaliro, kunangotsala kufolera basi. Asanatero anamuitana ku timu. "Ligi ikangotha ndabwera," anatero akukwera matola. Faines anamweta udzu yekha m'mapiri, mitolo n'kuiunjika pambali pa nyumbayo mpaka mulu unaposa zipupa. Kumweta ndi kwa akazi. Kufolera ndi kwa amuna, ndipo nyumba ya mkamwini amafolera mkamwini.

Koma ligi yake yosatha ija! Uku mpira auimitsa, uku ausuntha, mpaka nyenje zinayamba kulira, anthu anamaliza kugalauza, mbande za fodya ku nazale zinafika pofuna kuwokera. Mbawala ndi Njati zinali khosi ndi khosi, sabata ino iyi pamwamba, sabata yamawa inayo. Dzina la Reinford linali pakamwa pa woulutsa mpira ngati wachibale wake. Akangoti "Reinford, Reinford, wadutsa m'modzi," Faines ankatsinzina, thanthwe lija n'kumayandama ngati bwato, mapiri a buluu akutali aja n'kusanduka makamu a anthu ataimirira. Nthawi zina wayilesi ikazima pakati pa mpira iye sankadziwa n'komwe, ankangopitiriza yekha m'mutu, mwamuna wake n'kugoletsa zigoli zoti ku Lilongweko sizinachitike.

Tsiku lina atachoka ku Misa, a Filipo anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Faines, mitambo ija ukuiona?"

"Ndikuiona, atsibweni."

"Nyumba ya mdindo yopanda denga, mvula ikangoti pha, ndi phala. Zipupa zija zikagwa, ine kwa bambo mfumu sindipita kukalembetsa ukwati. Sindingapereke mphwanga kwa munthu wokhala m'wayilesi. Upite kumsewu, ukatumize mawu kuti Lachisanu afike, afolere."

"Koma Loweruka ndi mpira womaliza, atsibweni."

"Mpira ungakufunditse pa mvula?"

Faines ananyamuka kupita ku mjigo. Koma Tabita, msuweni wake wapakamwa posatseka, atamva anaseka mpaka kutula ndowa pa mjigo.

"Iwe ndiwe mwana eti? Loweruka Mbawala ikusewera ndi ndani?"

"Ndi Njati."

"Basitu! Akuluwo akufuna alamu akhale padenga kuno, Njati yawo itenge chikho bwinobwino. Mudzi wonse ukudziwa, kupatula iwe."

Kaya zinali zoona kaya ayi, zimenezo akudziwa ndi a Filipo ndi Mulungu wawo. Koma mitambo inalidi yoona. Madzulo aliwonse inkaunjikana pamwamba pa nkhalango ya Ntchisi, yakuda bii kumimba, kenako n'kubalalika ngati yangobwera kudzaona malo.

Faines anapitadi kumsewu wa ku Chezi. Panali dalaivala wina wa matola amene ankadutsa pafupi ndi komwe osewera a Mbawala ankagona, ndipo mauthenga onse ankanyamula ndi iyeyo. Ali chiyimire m'mbali mwa msewu, fungo la masuku akupsa lili ponseponse, Faines anamuona Reinford m'maganizo mwake akuvula jezi, akuipinda bwinobwino, akutuluka pageti anzake akulowa m'bwalo. Anamuonanso zaka zambiri kutsogolo, atakhala pakhonde la nyumba yofolera bwino, ali chete Loweruka lililonse. Galimoto inaima, dalaivala uja n'kusuzumira.

"Alamu, pali mawu opita kwa mwini zigoli?"

Faines anayandikira pazenera. "Mukamuuze kuti kuno tonse tili bwino."

"Basi?"

"Basi. Asewere."

Lachisanu linadutsa, Reinford osaoneka. A Filipo anangoti, "Mwaona?" n'kukhosomola.

Loweruka kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe, nkhuku zili kukamwa yasa. Pofika masana mitambo ija inabwera, ndipo ulendo uno sinabwere kudzaona malo. Amuna anatsogola kuthanthwe monga mwa masiku onse, n'kukhala pansi kudikira wayilesi. Anadikira. Anadikira. Kenako anamva kanyimbo kotsegulira mpira kakuchokera kumunsi kwawo, ku nyumba yopanda denga ija.

Atatsika, zimene anaona, inu! Faines ali pamwamba pa mbaliro, atavala thalauza la pa kaunjika limene Tabita anagula atamva kuti akazi aloledwa kuvala mathalauza, koma anali asanalimbe mtima kutuluka nalo panja. Wayilesi anaimangirira ndi luzi pamtengo wa patsindwi, mlongoti wake utaloza kumwamba, ndipo inkamveka bwino kuposa pathanthwe. Tabita anali pansi, akuponya mitolo ya udzu.

"Mayo ine!" anafuula a Filipo. "Iwe Faines, tsika! Ukufuna anthu ati mbumba ya Filipo ilibe amuna?"

"Alipo, atsibweni. Ali pansipo."

Amuna aja anayang'anana. Wina anayamba kuseka koma anasiya msanga.

"Tsitsa wayilesiyo!"

"Manja atanganidwa," anatero Faines, n'kutambasula mkono, n'kuchepetsa mawu mpaka apansiwo ankangomva ngati njuchi m'botolo.

"Demokalasetu iyi, atsibweni," anatero Tabita akuponya mtolo wina.

A Filipo anazungulira nyumba ija kamodzi, khutu lili m'mwamba. Anazunguliranso. Kenako anaima, n'kuyang'anitsitsa zimene mphwawo ankachita, nkhope yawo n'kukwinyika ngati alawa bwemba. Paja Faines moyo wake wonse ankangoona madenga atatha kale. Iye anayambira pamwamba penipeni, pafupi ndi wayilesi, n'kumayala udzu chotsika.

"Iwe! Udzu amayambira kumwamba? Madzi azilowa pansi pa mzere uliwonse! Ukufolera nyumba kapena ukuluka dengu?"

"Nanga amayambira kuti?"

"Kumunsi! Kukhonde! Wapamwamba uziphimba wapansi! Komanso wautembenuza, mayo, mwana uyu andipha!"

"Sindikumva bwino, atsibweni. Kuno kuli phokoso. Njati yapeza kona."

"Kona?"

A Filipo chipewa anapatsira Tabita. Makwerero amene anali pachipupa anawakwera ngati mnyamata, chifuwa chija kaya chinapita kuti. Atafika pamwamba anasasula udzu wonse wa Faines akung'ung'udza, khutu lili ku wayilesi. "Tandiponyerani luzi! Inu, mwaima ngati zitsa bwanji? Kwerani awiri mbali iyo!" Amuna anakwera, ena kuti athandize, ena kuti amve, ndipo palibe amene akanasiyanitsa. Faines anakweza mawu a wayilesi mpaka kumapeto.

Denga lija linafoleredwa motsatira mpira. Njati ikamaukira, manja a a Filipo ankathamanga osaoneka. Mbawala ikatenga mpira ankamanga mfundo mokwiya, zolimba ngati akumanga mbuzi yoba. Chigawo choyamba chisanathe Njati inagoletsa, ndipo akuluwo anaimirira pa mbaliro manja m'mwamba, akanagwa chagada akanapanda kugwidwa lamba.

A Filipo anamusiyira Faines ntchito yolandira mitolo. Atakhala pamwamba paja, miyendo uku ndi uku, anaona dziko lonse lasintha mtundu. Mizere ya m'minda inafiira ngati yapakidwa mafuta, mapiri anayandikira, anamzeze akuuluka chapansipansi. Kutali, kumbali ya Ntchisi, mvula inali itaima ngati nsalu yotuwa yoyanikidwa kuchokera kumwamba, ikubwera pang'onopang'ono, ikumeza phiri limodzilimodzi. Mantha analibe. Ankangomva ngati nyumba yonse yanyamuka ndi anthu ake omwe, ikuyandama kulowera ku Lilongwe.

"Reinford! Reinford watsala ndi goloboyi! Reinfooo..."

Mphezi inang'anima, wayilesi inati thethethe, bingu n'kugunda mpaka mapaso ananjenjemera.

"Wagoletsa? Wagoletsa kapena?"

"Igwedeze!"

"Luma mabatirewo!"

Faines anaimasula, anaigwedeza, anaimenya pantchafu. Inangoti fuu, basi zii. Madontho oyamba anagwa akuluakulu ngati nthudza.

"Siyani wayilesi, tsekani tsindwi!" anakuwa a Filipo, ndipo ulendo uno sanali a Njati, anali mmisiri. Mitolo yomaliza inakwera mvula ikuwamenya kumsana. Anapinda, anamanga, anatsika akuterereka, onse n'kuthamangira m'nyumba momwemo poti ndi momwe munali pafupi.

Munali mdima pang'ono, fungo la udzu watsopano ndi dothi lonyowa. Kunja madzi ankatsika kukhonde ngati mikanda, osakhudza zipupa. Anthu anaima mothithikana, akupuma, akudontha. Faines anagwira chipupa ndi chikhatho. Chinali chouma, chofundirabe ndi dzuwa la m'mawa.

Tabita ndiye anayamba, akuwabwezera chipewa.

"Koma atsibweni, mkamwini wa nyumba ino ndiye wagwira ntchito. Manja ake amagwiradi."

Anthu anaphulika kuseka. A Filipo anavala chipewa chonyowacho. Anayenda m'nyumba monse mutu uli m'mwamba, akuyang'ana ntchito yawo mzere ndi mzere. Pakati penipeni, pomwe panali mtengo womangirira wayilesi, panatsala kampata, ndipo dontho linawagwera pamphuno.

"Ndikwere ndikatseke?" anafunsa wina.

"Ayi. Apa pokha pasakwere munthu. Reinford akabwera atseke yekha, ine nditakhala pampando ndikuonerera." Anatembenukira kwa Faines. "Iwe, kumsewu kuja unakanena chiyani?"

"Ndinati tonse tili bwino."

A Filipo anakhosomola.

"Mawa ikatha Misa ndikaonana ndi bambo mfumu. Denga lofolera ine silingakhale lopanda banja, anthu angandiseke. Koma thalauzalo ukavule amayi ako asanabwereko kumunda."

"Zikomo, atsibweni."

"Ndipo chigoli chija sichinalowe. Ndikumudziwa goloboyi wathu."

"Chinalowa," anatero Faines.

Mkangano unabuka pomwepo, theka la nyumba likuti chinalowa, theka likuti chinagunda mtengo, wina mpaka kulumbira pa manda a agogo ake ngati analipo. Faines anawasiya akukangana. Anathamanga pamvula kukatenga beseni kwa amayi ake, n'kubwera kudzalitchera pansi pa kampata kaja, pakati pa nyumba yake.