Oyera aja ameranso pampopi

Ine za mizukwa sindizikhulupirira, koma zimene zikuchitika kuseri kwa nyumba yathu zandiwumitsa pakamwa.

Nditalowa m'banja muno ndinapeza maluwa atazungulira mpopi, aja amatsegula dzuwa likapendeka. Ofiira anadzala bambo akunyumba. Oyera anadzala mkazi wawo woyamba, malemu. Pakatipo panamera apinki, ana a maluwa awiriwo. Chithunzi cha malemu pabalaza ndinachipirira, makapu awo ndinawapirira, koma oyerawo ayi ndithu. Ndikamachapa ankangokhala ngati akundiyang'ana m'manja. Ndinapempha kuti achoke, bambo anangogwedeza mutu, ine n'kuzula onse ndi mizu yomwe. M'malo mwake ndinafesa mbewu za apinki okhaokha, zotola ndi manja angawa.

Atayamba kumasula, taonani loyera mbee, pomwe ndimaika beseni! Ndinalizula. Sabata isanathe, lina. Ndinathamangira kwa alamu anga, achemwali awo a bambo, amene amagulitsa mbande za maluwa.

"Alamu, mwina achimwene anu akudzala mobisa, kapena malemu sanachoke pakhomo paja."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Inunso alamu! Duwa si tiyi wamkaka, woti mukasakaniza basi zathera pomwepo. Lapinki limasunga zonse ziwiri, kufiira ndi kuyera, palibe chimene chinagonja. Mukafesa mbewu zake ambiri amatuluka apinki, ena ofiira, ena oyera ngati agogo awo."

"Ndiye adzatha liti?"

Kuseka kuja kunatha. "Pokhapokha muzule apinki onse."

Ndinabwerera mtima ukuwawa, n'kutenga khasu kuseri kwa chitseko. Nditakhota pakona ya nyumba ndinaima. Bambo anali atanjuta pampopi, nsapato za kuntchito zili kuphazi, patsogolo pawo pali loyera lina limene sindinaliwone m'mawa. Ankalankhula motsitsa. Ankalifotokozera za bondo lawo lija likuvuta, za denga lodontha, za mwana wawo wamkazi amene wapeza ntchito. Munthu woti patebulo ine amangondiyankha kuti eya kapena ayi! Nsanje inandigwira, mantha nawonso, moti khasu linagunda khoma.

Anacheuka. Anayang'ana khasulo, kenako ine, n'kuphimba duwalo ndi manja onse awiri.

"Chonde mayi," anatero. "Angofika kumene."