Moni wa Anthu a pa Cholembera

Ndinalota ndili nkhoswe pa ukwati wa Ndaziona, mwana wa mlongo wanga. Malumbiro anali atatha, kunangotsala kuti ndisayine m'buku la mpingo. Koma mabolopeni onse a m'tchalitchimo ankatulutsa madzi okhaokha.

Abusa Kachigamba anayang'ana wotchi. "Belu la masana likalira musanasayine, awiriwa aiwalana. Ndilo lamulo la Loweruka."

Ndinapemphera mwachidule n'kutsegula chitseko cha kachipinda ka abusa. Ndinapezeka m'sitolo ya ku Limbe, pakati pa nsalu ndi maambulera. Mwini sitoloyo, mayi wachimwenye dzina lawo a Vasanti, ankandidikira ndi kabokosi ka galasi. M'katimo munagona cholembera chomwetsa inki, chonenepa ngati chinangwa, chofiira ngati katondo, cha nsonga yagolide. Pathupi pake panajambulidwa tianthu toyera togwirana manja.

"Anachipanga polemekeza eni nthaka a ku India, anthu a m'nkhalango ndi m'mapiri," anatero mayiwo. "Zilipo zowerengeka. Ogula salembera, amangosunga."

"Nanga ntchito yake n'chiyani, mayi?"

"Kuonedwa."

Anandipatsa ndi manja awiri, n'kundichotsanso kaulusi paphewa pa jekete.

Nditabwerera kuguwa n'kuvula chivindikiro, tianthu tija tinatsika mmodzimmodzi n'kukhala pansi pa tsamba la buku. Analipo makumi anayi ndi atatu. Mkulu wawo, wonyamula lipenga lalitali, anaimirira.

"Akuluakulu, zaka khumi takhala m'galasi. Ulemu amatipatsa ndithu, fumbi amatipukuta Lolemba lililonse. Koma palibe anatifunsapo kuti tadzuka bwanji. Popanda moni, cholembera sichilemba."

"Moni nonse!" ndinatero mofulumira.

"Umenewo ndi wa pamsonkhano. Ife ndife alendo anu."

Manyazi anandigwira, chifukwa mayi anga sanandilere choncho. Ndinagwada n'kuyambira kumanja, ndikuomba m'manja. Aliyense ankayankha modekha, n'kufunsanso za kwathu. Wina anafunsa za mvula. Sindikananama m'nyumba ya Mulungu, choncho ndinafotokoza ndi za mbozi zomwe. Wina anafuna kudziwa mbuzi zanga mayina.

Ndili pa munthu wa makumi awiri, Ndaziona anandikoka jekete.

"Malume, bambo a suti awa ndi akuchimuna kapena akuchikazi?"

Mkwatiyo, Lufeyo, anamuweramira mwaulemu. "Pepani mayi, ukwatiwu ndi wa ndani? Mwatchena kuposa mwini wake."

Belu linatsika pansanja, linayenda mpaka pakhomo, n'kuima likukonza kukhosi.

"A nkhoswe, dumphani ena!" ananong'ona abusa.

"Abusa, ndidumphe uti?"

Abusa anayang'ana timaso ta tianthu tonse tija. Kenaka nawonso anagwada n'kuyambira kumanzere. Koma mkulu wa lipenga anati moni wa abusa ndi wapadera, suchotsera wanga.

Wotsiriza anali mayi wosenza mtsuko. "Ine musavutike, bambo," anatero. "Mawondo anu ndawamva kulira."

"Iyayi mayi. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu?"

Anatula mtsukowo n'kutsanulira m'cholembera. Munali inki yakuda bii, yomwe anaisenza zaka zonsezo osaitaya ngakhale dontho. Ndinalemba dzina langa, ndipo nditangokweza dzanja belu linalira.

Ndaziona anatembenuka n'kumuyang'ana mwamuna uja nthawi yaitali.

"Lufeyo, tachotsa chiphazi chakocho, wandipondera velo."

Nthungululu zimene zinabuka m'tchalitchimo ndi zimene zinandidzutsa. Kunja kunali kutayera, ndipo akazi anga, a Nankhoma, anali atakhala m'mphepete mwa bedi, mawu atasasa.

"Mwapereka moni ka makumi anayi ndi katatu," anatero.

"Ndiye osandidzutsa bwanji?"

"Ndikanapeza mpata uti? Ndimayankhatu."