Tsiku Limene Clifford Anatiphunzitsa Kugulitsa Magetsi

Clifford Quek anali atatha zaka zitatu osagogoda pakhomo la munthu, koma m'mawa uliwonse ankatiimika kuseri kwa msika wa ku Bedok n'kumatiphunzitsa kagogodedwe. Tinalipo anayi, aganyu oyenda m'mashopu kunyengerera anthu kuti asiye kampani yawo ya magetsi, alowe ya Sinaran Volt. Munthu akasaina, tinkadyapo. Akasintha maganizo miyezi itatu isanathe, ankatilanda zomwe tadyazo. Clifford ankadya pa tonsefe ali khale pamthunzi.

Lachiwiri lina masana ndinabwerako chimanjamanja, malaya ali chonyowa ndi thukuta.

"Norlela, vuto lako ndi ulemu," anatero akukonza tayi. "Tiye ukaone mmene akatswiri timachitira."

Anasankha yekha shopu ya Bambo Arumugam, ochapa zovala, chifukwa anamva makina akulira. Ndinati ndimuuzeko kanthu.

"Khala chete. Lero ndiwe mwana wasukulu."

Ndinamutsatira pambuyo.

"Ankolo!" anakuwa polowa, ngati wapeza m'bale wake amene anasowa kalekale. "Bilu ya magetsi ili pafupi?"

Mkuluyo anaika simbi pambali n'kusolola pepala kuseri kwa kalendala. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga. Clifford sanaone n'komwe dzina la pamwamba. Chala chake chinathamangira pa nambala ya m'munsi.

"Mayo ine! Ankolo, akukuberani dzuwa likuswa mtengo. Awa ndi akuba! Pa pepala lomwe munasaina pali timawu ting'onoting'ono kuseri. Ikangotha miyezi isanu ndi umodzi mtengo umakwera, osakuuzani. Amene anakusainitsaniyo alibe manyazi."

"Zoona?"

"Ndikulumbira pali ana anga." Clifford alibe mwana ndi mmodzi yemwe.

"Nanga inuyo ndi a kampani iti?"

"Sinaran Volt, ankolo."

Bambo Arumugam anavala magalasi mosapupuluma, n'kuloza dzina la pamwamba pa biluyo. Sinaran Volt.

"Ndipo wopanda manyaziyo ndi uyo wabisala kumbuyo kwanuyo. Anabwera mwezi wathawu."

Clifford anaseka kaphwete kouma. "Aaa, ankolo, ndimangokuyesani ngati muli tcheru."

Mkuluyo anatulutsa pepala losainalo m'dirowa n'kundipatsa. "Mwana wanga, tawerenga kuseriko. Mokweza."

Ndinawerenga. Zonse zinali monga ananenera Clifford. Anthu oposa makumi atatu ndinali nditawasainitsa pepala limenelo, koma kuseri kwakeko ndinakuwerenga koyamba tsiku limenelo. Clifford ankadziwa kuyambira kale.

Tisanafike ndi pakona pomwe, Bambo Arumugam anali ataitana kale wometa wa khomo loyandikana nalo, komanso mayi wogulitsa mankhwala azitsamba. Pofika Lachisanu mashopu asanu a mumsewuwo anali atatuluka mu Sinaran Volt, onse osainitsidwa ndi ine.

"Bwanji sunandiuze?" anandikalipira Clifford.

"Munati ndine mwana wasukulu, bwana."

Loweruka Clifford anaimika anzanga atatu aja n'kuwauza kuti atengerepo phunziro pa ine, munthu wosadziwa kusunga makasitomala. Awiri anagwedeza mitu kuvomereza, ngakhale nkhani yonse ankaidziwa. Ndinavula chitupa cha kampani pakhosi, n'kumupachika Clifford pakhosi pake pamwamba pa chakecho, ndi kukakwera basi.

Clifford akadali konko. Ndimamva kuti akamapita kosiya galimoto amazungulira kuseri kwa nyumba zitatu, poopa kudutsa pakhomo pa ochapa zovala aja.