Mulungu Alonga

Otilia Nyamizinga anawapeza Abusa Kalisto pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchi, akuunika masamba a buku la nyimbo limene limapita kokasindikiza ku Blantyre Lolemba. Linali Lachisanu, dzuwa la Okutobala likuphika mchenga wa kwa Malemia. Mpingo unali kukwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo bukulo linali mphatso yake kwa ana a mawa. Nyimbo zonse zinalimo kupatula imodzi, ya malemu bambo ake a Otilia, imene abusa anaikhwatcha ndi cholembera chofiira.

Abusawo kwawo kunali ku Dedza, kuchigwa kuno anali atangotha chaka. Anafotokoza mofatsa kuti sangalole nyimbo yonena kuti Mulungu alonga. Alonga katundu kupita kuti, nkhosa zawo asiyira yani? Otilia anawayankha kuti mawuwo ndi a Chisena, ndipo m'Chisena kulonga ndi kulankhula. Abusa anaseka mpaka kuvula magalasi, navomera kuti pamenepo aphonya. Koma cholembera sanachibweze m'thumba.

"Mawuwo ndamva, mayi. Nanga maimbidwe ake? Iyi ndi ija ya pa wailesi, ya mkazi wolonga mapoto n'kuthawa banja. Inenso ndinaivina ndili mnyamata. Mukufuna mpingo uziganiza za kubala uli pamaso pa guwa?"

Otilia ankaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Nsanje, ndipo zaka sankazisokoneza. Banja lawo linaoloka Shire pa bwato mu Novembala 1986, kuthawa nkhondo ku Morrumbala, iye ali kumbuyo kwa amayi ake. Bambo ake, a Sebastiano, anapeka nyimboyo mu 1987, m'chisakasa cha udzu chimene othawa nkhondo ankapemphereramo. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera kwawo, otsala n'kuumba njerwa za tchalitchi. Ya pa wailesi inatuluka mu 2004. Woyimba wake anali mnyamata wa kumtunda amene ankakweza mabelo a thonje pa Ngabu. Anamva amayi ena akuyimba nyimbo ya a Sebastiano ija, Chisena osachidziwa, ndipo pa mawu oti alonga iye anaona chikwama. Nyimbo yake italowa m'maukwati ndi m'mabala, mpingo unachita manyazi n'kuisiya yawo ija.

Otilia anawauza abusa zonsezi, koma analibe pepala ngakhale kaseti. Iye yemwe ankauza ana a sukulu kuti mbiri yopanda umboni ndi mphekesera. Abusa analingalira, kenaka anapereka mwayi umodzi: aiyimbe Lamulungu. Anthu akaseka, nyimboyo itsala kunja kwa buku.

Loweruka pa zokonzekera za kwaya zinthu zinaipa. Kondwelani, woyimba kiyibodi, atangomva mzere woyamba anaikapo ng'oma zothamanga za pa wailesi, atsikana n'kuyamba kugwedeza m'chiuno. Wina ananong'ona kuti amadamu atsegula bala m'tchalitchi lero, atsala n'kugula jenereta ya dansi. Otilia anabwerera kunyumba mutu uli pansi. Kuisiya kunali kwapafupi: dzina la bambo ake likanagona mwaulemu m'manda, osasekedwa m'nyumba imene iwo anaiumbira njerwa. Koma ankadziwanso kuti chimene sichilowa m'buku, pakatha m'badwo umodzi mwini wake amakhala wailesi.

Lamulungu tchalitchi linadzaza mpaka m'mawindo. Itakwana nthawi, Otilia anauza Kondwelani kuti azimitse kiyibodi, kwaya ikhale pansi. Anaima yekha kutsogolo, nayamba pang'onopang'ono, monga ankayimbira bambo ake.

"Mulungu alonga..."

Kumbuyo kunamveka kutsekereza kuseka. Mnyamata wina anamalizitsa mzerewo ndi mawu a mapoto aja, anzake n'kubisa nkhope m'manja. Abusa anayang'ana pansi. Pa malo amenewo nyimboyo inali ndi mpata, pofunika kuti mpingo uvomere, ndipo mpatawo unangoti zii.

Ndodo inagunda simenti. Mayi Clotilda, amene maso awo anali atachita khungu ndipo ankachita kuwanyamula pa njinga pobwera kutchalitchi, anali ataimirira.

"Ife tabva," anavomera, mawu awo ali okalamba koma osaphonya.

Ife tamva. Mawu amenewo pa wailesi panalibe. Woyimba uja anatola mutu wa nyimbo, kuvomera kwake n'kukusiya kuchigwa. Otilia anaponyanso mzere, ndipo tsopano anavomera anthu asanu, kenaka mbali yonse ya amayi achikulire, ndi madoda a imvi kumanja. Palibe anawaphunzitsa, palibe anawachenjeza. Anawomba m'manja kawiri motsatizana, mwa kayendedwe ka nkhafi, nakumbutsana ndime zimene ngakhale Otilia sankazidziwa: ya bango lobisa ana, ya mvuu imene inapatuka, ya gombe la Nsanje m'mamawa. Pofika ndime yachinayi achinyamata nawonso anali kuvomera, ndipo denga la malata linanjenjemera.

Itatha, abusa anapempha kuti amene anaiyimbapo nyimboyi chisanafike chaka cha 1992 akhalebe chiimire. Anatsala ambiri, ena atatsamira mabenchi. Abusa anawafunsa mmodzimmodzi kumene anaimvera koyamba, ndipo aliyense anatchula chisakasa chomwe chija ndi munthu yemwe uja, a Sebastiano.

"Mayi Nyamizinga, umboni wanu ndi uwu waimirirawu," anatero abusa. "Ikhale tsamba loyamba. Pansi pake mulembe Sebastiano Nyamizinga, 1987. Ndipo mawu oti alonga aja muwamasulire, kuopa mbusa wina wa kumapiri angadzathamangitsenso Mulungu."

Mpingo unaseka, ulendo uno kuseka kwa anthu okhuta.

Anthu atatuluka, Otilia anatsalira kuti alembe ndime zatsopano zija zisanamuthawe. Pakona Kondwelani anali atayatsanso kiyibodi, ng'oma zake atazichotsa, akufufuza ndi chala chimodzi liwiro lakale lija. Mayi Clotilda anakhala pambali pake, akumutchula wamakutu a mbuzi nthawi iliyonse akathamanga. Madzi saiwala khwawa. Panja mphepo ya kumtsinje inayamba kuwomba, ndipo ana amene ankasewera pa mchenga anali kuponyerana mzere, ena n'kumavomera.