Juzi ya Mkono Wofiira

Femke Doornbos anafika ku ntchito Lachisanu limenelo atamangirira keke kumbuyo kwa njinga, mvula ya mumzinda wa Hague ikumuwomba kumaso. Mumtima ankapempha chinthu chimodzi chokha, kuti a Vandaele akhale chete mpaka masana.

Pempho limenelo linali lovuta. A Vandaele anali mkulu wa nthambi ya zamalamulo pa khoti la milandu ya nkhondo limene Femke ankagwirako ntchito, ndipo chiyambire khotilo sanalolepo chinthu kudutsa osachipezera chifukwa. Femke anali mlangizi wa Mlembi Wamkulu pa za kayendetsedwe ka khoti. Iye ndi amene ankalemba malamulo a m'nyumbamo: mboni zigone kuti, akaidi achezeredwe liti, ndani alowe khomo liti. Kulemba ankalemba, koma pogamula analibe mawu. Lamulo latsopano likalembedwa, Mlembi Wamkulu ankalitumiza kwa akuluakulu a nthambi zonse n'kuwapatsa tsiku. Tsikulo likakwana popanda wotsutsa, basi ladutsa. Koma mmodzi akangolemba kuti ali ndi mawu, ngakhale mawuwo akhale opanda mutu, nkhani yonse inkabwerera ku komiti, ndipo komiti ya pakhotipo inkakumana ikafuna.

Ulendo uno nthawi yodikira komiti panalibe. Khoti linali litamaliza milandu yake, nyumba inkabwezedwa kwa eni ake, ndipo chipinda cha pansi mmene ankasungamo katundu wa umboni chinayenera kutsala chopanda kanthu. Lamulo lakale linkati zovala zofukulidwa m'manda zikajambulidwa azikazitentha, poti zimawola ndipo zingadwalitse anthu. Lole yodzazitenga inali itauzidwa kale kuti ibwere Lolemba. Lamulo limene Femke analemba linkati ayi, chinthu chimene m'bale wa malemu anachizindikira pamaso pa oweruza chibwerere kwa m'baleyo.

Pakati pa katunduyo panali juzi imodzi imene inkamusowetsa mtendere. Mayi Sadeta anabwera kudzapereka umboni zaka zambiri zapitazo, ndipo atawaonetsa juziyo m'thumba la pulasitiki anati anailuka okha. Ulusi wotuwa unawathera pa mkono wamanzere, iwo n'kumalizira ndi wofiira. Amuna awo, a Nurif, anali ataivala tsiku limene asilikali anawatsitsa m'basi. Mafupa amene mayiwo anapatsidwa kuti akaike anali ochepa, oti anakwana m'kabokosi. Kuyambira pamenepo ankaimba foni chaka ndi chaka, mwaulemu, kufunsa ngati khoti lathana nayo juzi ija. Mafoni amenewo ankathera kwa Femke chifukwa ena onse ankawazemba.

Nthawi yotsutsa lamulo latsopanoli inkatha Lachisanu lomwelo masana. Sabata yonse akuluakulu ena anakhala chete, ena chifukwa anagwirizana nazo, ena chifukwa sanawerenge n'komwe. A Vandaele nawonso anali zii, koma zimenezo sizinamulimbitse mtima Femke. Bambo amenewo ankakonda kudikira mpaka nthawi itatsala pang'ono, anthu atayamba kale kumwetulira, kenako n'kuponya uthenga wawo.

Ndiye Femke, mayi wophunzira, wa madigiri ake, nzeru zake zonse zinakathera pa keke. Kumeneko munthu akamakumbukira tsiku lobadwa amabweretsa yekha keke ku ofesi, ndipo kukana kukadya n'kupanda khalidwe. Iye anaganiza kuti akawakokera a Vandaele ku kantini masana asanakwane, n'kuwachedwetsa ndi khofi ndi nkhani, nthawi idzadutsa iwo ali kutali ndi kompyuta yawo. Tsiku lake lobadwa silinali limenelo ayi. Anangodalira kuti pa khoti la anthu otanganidwa palibe amene amasunga zoterozo m'mutu.

Anthu anabweradi. Anamugwira chanza, ena anamupsompsona m'masaya, n'kumufunira zabwino zonse, aliyense n'kutenga kambale kake kubwerera ku ntchito. A Vandaele anafika pomaliza, atamanga taye yawo bwinobwino monga mwa masiku onse. Anakhala moyang'anizana naye, analawa kekeyo mwachifatse, n'kudikira kuti womaliza atuluke.

"Mayi Doornbos," anatero akupukuta pakamwa, "kodi inu mumabadwa kangati pa chaka? Ine ndikukumbuka kuti m'mwezi wa Malichi tinadya keke yanu ya maapozi. Inali yabwino kuposa iyi."

Femke anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha. Anaona kuti kunama kachiwiri n'kudzinyozetsa, choncho anawauza zoona, kuti ankafuna achoke pa kompyuta yawo mpaka masana.

"Ndiye mwaiwala kuti masiku ano kompyuta imayenda m'thumba?"

Anatulutsa foni m'jekete n'kuiika patebulo pakati pa mbale ziwirizo. Anaitembenuza kuti Femke aone. Uthenga wotsutsa unali wolembalemba, dzina la Mlembi Wamkulu lili pamwamba, ukungodikira chala. Femke anawerenga. A Vandaele ankati lamuloli silikunena chochita ngati mabanja awiri alozera chovala chimodzi, aliyense n'kumati ndi cha mwana wake. Ankatinso silikunena amene adzayankhe mlandu ngati wolandira chovalacho adwala nacho. Choipa chake, zonsezo zinali zoona. Femke ankadziwa kuti analemba mothamanga, ndipo bambo amenewa, ngakhale ankatopetsa, sankatsutsa zinthu asanaziwerenge.

Anayesa kuwachonderera. Anati zimenezo angathe kuzikonza pambuyo pake lamulo litadutsa, koma likabwerera ku komiti, pofika Lolemba madzulo sipadzakhalanso chokonzera chifukwa zonse zidzakhala phulusa. A Vandaele anamudula mawu n'kumukumbutsa kuti za lole akuzidziwa, poti pangano ndi kampaniyo anasaina ndi iwo. Atatero anayamba kuzunguza supuni m'kapu mmene munalibe ngakhale shuga.

Kenako anamuuza kuti dzulo lake anatsikira ku chipinda cha pansi. Zaka zonse zimene anagwira pakhotipo anali asanapondemo. Katundu ameneyo ankamudziwa ndi manambala a m'mapepala basi. Anapitako kuti akamve okha fungo la nkhungu, n'cholinga choti uthenga wawo ukhale ndi mphamvu. Wosunga katundu anawatsegulira mabokosi angapo, ndipo limodzi linali la juzi ija.

"Sindinkadziwa kuti ndi yaing'ono choncho," anatero. "Pa chithunzi sizioneka. Anali munthu wochepa thupi, mayi Doornbos. Wochepa kuposa inu."

Femke anangoyang'anitsitsa foni ija patebulo.

A Vandaele anatenga foni ija, anaiyang'ana monga mmene munthu wosiya fodya amayang'anira ndudu, kenako anaikankhira kwa iye.

"Ndigwirireni. Ine ndimadzidziwa. Chala changachi chikaona cholakwika sichimvera mwini wake. Ndipo mundidulire keke ina, manja asangokhala."

Femke sanadikire kuti abwereze. Anaiponya foniyo m'chikwama, anatseka zipi, chikwamacho n'kuchipanikiza pakati pa mapazi ake pansi pa tebulo. Anawadulira chidutswa chachikulu ndithu.

Nthawi imene inatsalayo inali yochepa, koma inayenda mokwawa. A Vandaele anadya, n'kuyamba kumufotokozera mmene ndime yachiwiri ikanalembedwera chikhala kuti anailemba munthu wodekha. Femke anavomera chilichonse, ngakhale zimene tsiku lina akanakangana nawo mpaka mawu kutha. Amayi a m'kantini anali atayamba kuyala buledi ndi tchizi za nkhomaliro, ndipo ankawaba ndi maso anthu awiriwa, amene aliyense pakhotipo ankadziwa kuti samwera limodzi khofi. Pakati pa nkhani bambowo anasiya foloko n'kutambasula dzanja.

"Tangobweretsani pang'ono, ndione nthawi."

"Wotchi ili pakhoma apo, bambo."

Anatembenuka, anaiyang'ana, n'kung'ung'udza. Anati pa moyo wawo wonse sanasungidwepo m'ndende ndi munthu wa ofesi ya Mlembi Wamkulu, ndipo izi n'zosemphana ndi malamulo angapo amene angathe kuwatchula. Femke anati awatchule onse limodzilimodzi, asafulumire.

Masana atakwana palibe chinalira, palibe amene anaomba m'manja. Anthu anangoyamba kulowa ndi mathireyi awo. Patapita kanthawi foni ya Femke inanjenjemera. Unali uthenga wa Mlembi Wamkulu wopita kwa onse, wonena kuti popeza palibe amene watsutsa, lamulo layamba kugwira ntchito lero. Femke anauwerenga kawiri. Mapewa ake, amene anali atauma sabata yonse, anamasuka, ndipo anamva mpumulo waukulu woti akanatha kugona pompo patebulo pakati pa nyenyeswa za keke. Anaseka, misozi ili m'maso, osadziwa kuti chayamba n'chiti.

A Vandaele analandira foni yawo, anafufuta uthenga wawo wotsutsa uja Femke akuona, n'kuimirira. Anamuchenjeza kuti Lolemba m'mawa adzapeza patebulo pake zokonza zawo zonse, ndipo sizikhala zochepa. Femke anati atumize ngakhale buku lathunthu, adzaliwerenga ndi mtima wonse. Bambowo anakonza taye yawo n'kutuluka osatsanzika.

Femke sanadye nkhomaliro. Anatsikira pansi kukauza wosunga katundu kuti mabokosi onse okhala ndi eni ake awapatule, lole ikabwera isawakhudze. Atakwera anaitana womasulira, mtsikana wa chilankhulo cha mayi Sadeta, n'kutseka chitseko cha ofesi. Zaka zonsezi mayiwo ndi amene ankaimba. Lero, kwa nthawi yoyamba, khoti ndi limene linawaimbira.

Foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha, kumbuyo kwawo kunkamveka wailesi ndi madzi akuthira m'beseni. Femke analankhula pang'onopang'ono kuti womasulira asatsalire. Anawauza kuti juzi ija siitenthedwa, khoti lavomera kuibweza, ndipo akangogwirizana za tsiku idzafika m'manja mwawo.

Madzi aja anasiya kumveka. Wailesi nayo inazimitsidwa. Mayi Sadeta anafunsa kanthu kafupi, ndipo womasulira anati akufuna kudziwa ngati aichapa.

"Ayi, mayi," anatero Femke, akuda nkhawa kuti mwina alakwitsa. "Ili mmene anaipezera, ndi dothi lomwe. Koma ngati mukufuna, tingapeze anthu odziwa kuyeretsa zinthu zoterezi."

Mayiwo anayankha msanga, womasulira asanamalize n'komwe, ndipo mawu awo anali amphamvu, osanjenjemera. Mtsikanayo anawamasulira.

"Akuti chonde musaichape. Akuti mafupa a amuna awo anawalandira ochepa kwambiri, ndiye chilichonse chimene chatsala pa juzipo akuchifuna."