Zomwe a Chepetsani Sanachotse

"Nanga izi n'za chiyaninso?" anafunsa achimwene ake a Mzime, sizasi ili m'manja.

Sanadikire yankho. Anadula kachingwe komwe kanali pakhosi pa botolo la mankhwala, n'kudulanso ka pa botolo linzake, n'kuponya tonse m'thumba la zinyalala. Chiikireni maliro a bambo awo, achimwenewo ankangokhalira kukonza m'nyumba. Ena amalira ndi misozi, iwo ankalira ndi tsache.

Zotaya zake zinalinso zochepa. Malemuwo anthu ankawatcha a Chepetsani, ndipo dzinalo silinawagwere pachabe. Malaya owerengeka, kapu imodzi, moni wa mawu awiri. Moyo wawo wonse ankalemba mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono, ta m'masikelo ndi m'mamita a madzi. Mzime, mwana womaliza, ndiye anatsata ntchito ya bambo ake. Achimwene anasankha zogulitsa matayala.

"Lamlungu ndikupita nawo amayi," anatero achimwene, akumanga thumba lija. "Munthu wosaona bwino sangakhale yekha ndi mankhwala a shuga ndi a mtima. Akasokoneza tidzakumbanso manda ena."

"Ndilipo pano, ukunena ngati ndine katundu," anayankha amayi ali pampando wawo. "M'nyumba muno ndimayenda maso otseka. Kwako ndikagunda khoma lililonse mpaka apongozi anga atope nane."

"Kabokosi kokumbutsa mankhwala kaja ndikakonza," anatero Mzime. "Thireyi ndizibwera kudzadzaza kumapeto kwa sabata."

"Nanga sabata yomwe sudzabwera?" anafunsa achimwene.

Mzime anangotsegula laputopu ya bambo ake.

Kabokosiko bambo anakapanga maso a amayi atayamba kuchita khungu. Nthawi ya mankhwala ikakwana kankalankhula ndi mawu a makina, amayi n'kutenga mapiritsi m'thireyi ya timagawo, n'kudina batani lalikulu. Kumbuyo kunali kabatani kena komwe bambo ankadina akadzaza thireyi ya sabata yonse. Tsiku la maliro, anthu akusuntha mipando, kabokosiko kanagwa n'kufa nawo limodzi.

M'kabati Mzime anapezamo kena, koma kochepa malo osungira pulogalamu. Apa ndiye panali ntchito. Pulogalamu siyenda yokha. Chilankhulo cha kompyuta chomwe bambo ankalembera chimabwera ndi nkhokwe ya zidutswa zopangidwa kale, zomwe eni ntchito amati makalasi, zambirimbiri, za ntchito iliyonse pansi pano. Kabokosi kotere sikanganyamule nkhokwe yonse. Umayendetsa pulogalamu pa kompyuta, chida china chikuyang'anira makalasi omwe ikuitana, kenako n'kumanga mtolo wa okhawo. Ena onse amatsala.

Mzime anachita zonse mwadongosolo. Anathamangitsa wotchi ya kompyuta kuti masabata adutse mofulumira. Anadina batani la amayi m'mawa ndi madzulo, n'kudina la bambo sabata ikatha, osaphonya. Atayerekeza mtolo wake ndi wakale wa bambo, anaona kuti wakalewo unali ndi makalasi otulutsa mawu ojambulidwa, omwe chida chija chinati sanaitanidwepo n'kamodzi komwe. Bambo anachita kuwaikamo ndi dzanja.

"Ha, nawonso a Chepetsani anakalamba," anaseka yekha, n'kuwachotsa. Pamalo pomwe panatsalapo anaikapo kanyimbo kake ka moni wa m'mawa.

Kabokosi kanayenda bwino masiku otsatirawo. Yemwe ankawapatsa amayi mapiritsi anali Mzime mwini, kuchokera m'mabotolo, ndiye thireyi palibe anaiganizira, ngakhalenso kabatani ka kumbuyo. Achimwene sanasinthe maganizo, komabe anasiya kuitchula nkhaniyo, ndipo Mzime anayamba kukhala ndi chiyembekezo.

Lamlungu m'mawa nthawi ya mankhwala inakwana, kabokosi kali zii. Kanyale kofiira kokha ndiko kankaphethira.

"Waona?" anatero achimwene, mosakalipa. "Ukanakhala kuti wapita kale, bwenzi amayi akudikira mpaka masana." Anakatenga chikwama cha amayi kuchipinda n'kuchiimika pakhomo, makiyi a galimoto akulira m'thumba.

Amayi sanatsutsenso. Anavala juzi yawo n'kukhala, manja pamiyendo, ngati wodikira basi. Zimenezi zinamupweteka Mzime kuposa mawu a achimwene ake.

Analumikiza kabokosi ku laputopu. Uthenga unali wa mzere umodzi: pulogalamu yaitana kalasi, kalasiyo palibe. Dzina lake analizindikira nthawi yomweyo. Inali imodzi mwa zomwe anaziseka zija. Anatsata pomwe inaitanidwira, n'kupeza kanjira komwe pulogalamu imalowa pokhapokha sabata yatha popanda wodina kabatani ka kumbuyo. Iye poyesa anadina mabatani onse. Chomwe sanayese n'kusadina. Ndipo bambo ali moyo, kanjirako sikanapondedwepo.

"Achimwene, tandidikirani pang'ono."

"Tikuchedwa, chemwali. Msewu ndi wautali."

"Pang'ono pokha."

Malo sanakwane, ndiye anachotsa kanyimbo kake kaja n'kubwezeretsa makalasi a bambo. Anamanganso mtolo, n'kuyatsa kabokosi. Kanyale kanasanduka kobiriwira. Kenako munamveka kutsokomola, kutsokomola komwe onse atatu ankakudziwa.

"Mayi," anatero mawu a bambo. "Thireyi sindinadzaze. Musadikire munthu. Botolo la mfundo imodzi, piritsi limodzi m'mawa. La mfundo ziwiri, madzulo mukatha kudya. Mawa ndidzakukumbutsaninso. Basi."

Panja galu wa oyandikana nawo ankauwa njinga.

"Basi!" anatero amayi. "Mwamva? Ngakhale kutsanzika, kuchepetsa." Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Kenako anatambasula dzanja patebulo, n'kupapasa makosi a mabotolo aja. Onse anali osalala.

Achimwene anatuluka panja. Mzime anawaona pawindo atagwada pamgolo wa zinyalala, munthu wamkulu wa makiyi ake a galimoto m'thumba, akumasula matumba omwe anamanga okha. Anabwera ndi tizingwe tiwiri m'chikhatho, tonyowa ndi masamba a tiyi. Anayesa kukulunga kamodzi pabotolo, koma sizasi inali itakafupikitsa.

"Siya zimenezo," anatero amayi. "Pita kuchipinda, ukatsegule dirowa ya masokosi a bambo ako. Kumapeto kwenikweni. Ndakhala ndikuwaseka kuti akufuna kuyamba kusoka maukonde."

Achimwene anabwerako atanyamula chimtolo cha zingwe chodzaza dzanja. Zonse zinali zodulidwa molingana, zina za mfundo imodzi, zina za ziwiri, mfundo iliyonse yopakidwa guluu kuti isamasuke. Zikanakwanira mabotolo a zaka zambiri. Munthu amene analibe kapu yachiwiri!

Mzime anawerenga mapepala a pamabotolo n'kupereka loyamba kwa amayi.

"Ili ndi la m'mawa."

"Chikwamacho chibwerere kuchipinda, chikutsekereza khomo," anatero amayi.

Achimwene anachinyamula. Amayi anapapasa m'mtolo muja mpaka chala chinapeza chingwe cha mfundo imodzi, n'kuchimanga okha pakhosi pa botolo.