Ng'ombe Yopanda Ntchentche

Grain Kachingwe anaziona ntchentchezo asanagwire n'komwe mwendo wa ng'ombeyo. Zinali mbwee pansi mozungulira mimba yake, timiyendo tili m'mwamba. Ng'ombe yofa dzulo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo chonchi, inayenera kumalira ngati mng'oma wa njuchi. Iyi inali zii.

Anadzutsa mutu. Mwini famuyo, mzungu wa khosi lofiira, anali chilili pamthunzi manja ali m'chiuno. Pambali pake panali Dokotala Anne, mayi wofufuza za miimba amene Grain ankamugwirira ntchito, akumwetulira ngati wapatsidwa mwana wa ng'ombe wamoyo.

"Nanga boyi wakoyu akudikira chiyani?" anafunsa mzunguyo. "Nkhope yake si ya kuno. Ali ndi pasi?"

"Ndakhala naye zaka zisanu ndi zinayi," anayankha Anne, funso lenilenilo n'kulilambalala.

Grain anawerama. Anabwera ku Joni kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito kumigodi, ndipo nthawi yake itatha sanabwerere kumudzi. Anakwatira Elube, mwana wa Amalawi obadwira konkuno, napeza kanyumba ku Ga-Rankuwa, nabereka Falesi. Chipepala cha pasi, chomuloleza kukhala m'dzikomo, chimene chinali m'thumba mwake chinatha mphamvu kalekale. Mzungu ameneyu akanangonyamula telefoni, Falesi akanakula akumva za bambo ake m'makalata. Kwa eni kulibe mkuwe. Grain anameza mawu, namanga chingwe m'miyendo ya ng'ombe, nayikokera m'galimoto.

Ntchito yake inali ya fisi, ndipo si chipongwe ayi. Anayamba ngati wosamalira maluwa kunyumba kwa Anne ku Pretoria, mpaka tsiku lina mayiyo anamutenga kuti akamugwirire chingwe kuphompho la mapiri a Magaliesberg, kumene miimba imamanga zisa. Anapiye ankagwa pamenepo mapiko ali opindika ngati nthambi zaziwisi. Anne anafufuza mpaka anapeza gwero lake. Kale afisi ankaphwanya mafupa a nyama zakufa, makolo a miimba n'kumatola tizidutswa kukadyetsa ana kuti mafupa awo alimbe. Alimi anawatha afisi onse ndi mfuti. Choncho pankafunika munthu wokhala padzuwa ndi hamala, kuphwanya mafupa pa malo amene Anne ankaikapo nyama yodyetsera mbalamezo.

"Abambo a Falesi," ankatero Elube akamachapa ovolosi yake atatseka mphuno, "anzanu akamati amagwira kufakitale ku Rosslyn, ine ndizinena kuti chiyani kutchalitchi? Kuti ndinakwatiwa ndi fisi wolembedwa ntchito?"

Iye ankangoseka, chifukwa mbalamezo anali atazikonda. Anne ankazidziwa ndi manambala a mphete zimene ankaziveka m'miyendo, koma Grain ankazidziwa ndi mayendedwe. Panali imodzi imene anaitola yekha ili mwanapiye, phiko litathyoka, naimangira timitengo mpaka inauluka. Anaitcha Nasiketi, poti inkayenda ngati mayi wokweza siketi powoloka mtsinje. Chaka chimenechi, cha 1983, Nasiketi anali ndi mwana wake woyamba pachisa.

Tsono panali patatha masiku asanu ndi anayi popanda nyama. Alimi ankawotcha ziweto zawo zikafa poopa matenda, ndipo Anne anali atayenda famu ndi famu ngati wopempha moto. Mzungu wa khosi lofiirayu anamuthamangitsapo chaka chatha, akuti miimba imadetsa madzi a ng'ombe zake ndi kudya ana a nkhosa. Lero ndi yemweyo amene anaimba telefoni yekha. Anne anaona ngati munthuyo watembenuka mtima.

Ulendo wonse Grain anakhala kumbuyo pamodzi ndi ng'ombe, monga mwa masiku onse. Kale anakhalapo kutsogolo kamodzi, apolisi n'kuwaimitsa ndi kuwafunsa mafunso onyansa kwa ola lathunthu. Chiyambire tsikulo iye ankangodzikwerera kumbuyo, ndipo panalibe amene anaitchulanso nkhaniyo. Kawiri konse anakweza dzanja kuti agogode pagalasi. Kawiri konse analibweza. Ankaudziwa mtima wa Anne, wapachala. Akangomva, atembenuza galimoto kukamuloza chala mzungu uja pakhomo pake, ndipo mzunguyo sadzavutika kudziwa kuti wanong'oneza ndani.

Atatsitsa ng'ombe patsinde pa phiri, Anne sanazimitse n'komwe injini.

"Ing'ambe msanga, Grain. Ine ndikukwera kuti ndikaone zisa zimene makolo ake atsike."

"Dokotala."

"Ee?"

"Ayi, palibe. Muyende bwino."

Anatsala yekha ndi mpeni. Miimba siitha kuboola chikopa cha ng'ombe msanga, ndiye kung'amba inali ntchito yake. Anainunkhiza, koma fungo linali la nyama yoyamba kuwola basi. Apa mtima wamantha unayamba kumuphunzitsa nzeru. Kodi alimi sasambitsa ng'ombe m'dibi? Kodi mankhwala a dibi sapha ntchentche? Mwina inafa itangotuluka m'dibi. Ndipo ana ali kumtundako adya chiyani akaisiya? Kwawo ku Ntcheu nyama yofa yokha ankayamba aponyerako galu kachidutswa, anthu n'kudikira. Pano galu panalibe. Anayang'ana kumwamba, naona timadontho takuda tikuzungulira kale.

Analowetsa mpeni.

Miimba inatsika ngati mvula ya matalala. Grain anakabisala m'kachisakasa kake patali pang'ono, akumva mapiko akuwomba ndi milomo ikukangana. Anamuona Nasiketi akulowa pakati ndi kayendedwe kake kaja, nalowetsa khosi lonse m'mimba mwa ng'ombe. Kwa kanthawi mtima wake unakhala pansi, mpaka anadziseka kuti ukalamba wayamba kumuopetsa ntchentche.

Kenako imodzi inachoka pagulupo ikudzandira ngati yaledzera. Inatambasula mapiko, nithamanga kuti inyamuke, koma inagwa chamutu. Ina inayamba kusanza. Ina khosi linapotokera kumsana, miyendo ikupalasa fumbi.

Grain anatuluka akuthamanga, atavula malaya akuwagwedeza m'mwamba. Mkuwe umene anaumeza pafamu paja unatuluka tsopano wonse, mpaka phiri linamuyankha. Imene inali isanadye inauluka. Yambiri inangomuyang'ana, itakhuta kale imfa. Nasiketi anamupeza pansi pa kamtengo kaminga, akunjenjemera. Anamunyamula monga anamunyamulira ali mwanapiye, ndipo anafera m'manja mwakemo.

Anne anafika fumbi lili koboo, magalasi oonera patali akulendewerabe pakhosi. Anali ataona zonse ali pamwamba. Sanalire. Anatenga kabuku kake, ndipo anayamba ntchito, poti ntchito ndiyo inawatsalira. Grain ankatembenuza mbalame, iye n'kumawerenga nambala ya mphete. Inakwana makumi anayi ndi imodzi, yambiri ya iyo makolo. Mwana wa muimba amakhala mmodzi pachisa, ndipo sauluka mpaka mvula itayamba.

"Ntchito ya zaka khumi," anatero Anne, mawu akutuluka mouma. "Ndipo munthuyo ndamuthokoza. Ndamugwira chanza. Ndikanadziwa bwanji, Grain? Panalibe chizindikiro chilichonse."

Apa Grain akanatha kungokhala chete, nkhani n'kuthera pomwepo. Madzi akatayika saoleka. Koma manyazi anali atamukwana, ndipo anaona kuti akawameza awanso sadzathanso kuyang'ana phirili.

"Chinalipo, Dokotala. Ntchentche zinali zitafa pansi. Ndinaziona tisanainyamule."

Cholembera chinaima.

"Unaziona? Bwanji sunanene?"

"Baasi uja, mwini famu, anali pomwepo. Munamva zimene anafunsa."

"Nanga pano, pamene unandiitana?"

"Mukanabwerera kwa iye. Ndinaganiza za Falesi."

"Ulendo wonse uja, Grain. Ola lathunthu tili m'galimoto imodzi. Tikanakambirana, tikanapeza njira."

"Ine ndinali kumbuyo, Dokotala. Ndi ng'ombe."

Anne anayang'ana galimotoyo nthawi yaitali ngati akuiona koyamba. Ndipo m'pamene analira, atakhala pansi m'fumbi, kabuku kali pamiyendo. Grain anaima pomwepo manja ali lende. Sanadziwe ngati mayiyo akulirira mbalame, kapena iye, kapena akudzilirira yekha.

Ng'ombeyo anaithira petulo n'kuiyatsa. Mbalame anaziika m'masaka kuti akazipime poizoni ku Pretoria, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti pepala la zotsatira silidzamanga mzungu pa mlandu wa miimba. Anne anati m'mawa mwake adzakwera ndi zingwe kukatsitsa anapiye amene angawafikire. Ankadziwanso onse awiri kuti zisa zambiri zili pamene chingwe sichifika, ndipo cha Nasiketi chinali chimodzi mwa izo.

Pochoka, Anne anazungulira galimoto natsegula chitseko cha kutsogolo.

"Lowa muno," anatero.

Grain anayang'ana mpandowo. Kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono, nakwera kumbuyo, nakhala pakati pa masaka amene anali akufundabe. Galimoto itayamba kuyenda anatsamira galasi lija, nkhope italoza kuphiri. Pamiyala yoyera ndi zitosi ankatha kuona timitu ta anapiye, chisa ndi chisa, makosi atatambasukira kumwamba kumene makolo awo amatulukira.